Clean and press ya kettlebell: chitsulo chikatera bwino pachifuwa, kukwera pamwamba sikuvuta

Munthu akakanika kukweza kettlebell (chitsulo chonga mpira chokhala ndi chogwirira pamwamba pake) pamwamba pa mutu, amafulumira kuloza chala phewa kuti ndi lofooka. Nthawi zambiri phewalo limakhala lilibe mlandu. Cholakwika chimakhala chitachitika kale, pamene chitsulo chimachoka pansi kubwera kudzatera pachifuwa. Chikatera dzanja litapindikira kumbuyo, chigongono chitatalikirana ndi nthiti, mimba ili yotayirira, ndiye kuti mukuyamba kukankha mulibe popondera. Choncho wofuna kuphunzira clean and press athere nthawi yambiri pa gawo loyambalo, ngakhale kuti maso a anthu ku jimu amakhala pa lachiwiri.

Clean ndi kuchotsa chitsulo pansi n'kuchifikitsa pachifuwa kamodzin'kamodzi, mphamvu yake ikuchokera m'chiuno. Press ndi kuchikankha kuchokera pachifuwapo mpaka mkono utawongokeratu pamwamba pa mutu, miyendo osathandizira. Malo a pakati, pamene chitsulo chimakhazikika pakati pa mkono ndi chifuwa, amatchedwa rack.

Kwawo kwa kettlebell ndi ku Russia, kumene amaitcha girya, ndipo inayamba ngati mwala wa sikelo woyezera mbewu m'misika. Muyezo wakale wa kumeneko unali pood, womwe ndi makilogalamu 16.38. N'chifukwa chake mpaka lero zitsulo zodziwika kwambiri ndi za makilogalamu 16, 24 ndi 32: pood imodzi, imodzi ndi theka, ndi ziwiri. Mpikisano woyamba wa dziko lonse la Soviet Union unachitika mu 1985, ndipo opikisana masiku ano amanyamula kwa mphindi 10 osatula chitsulo pansi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Pavel Tsatsouline anafalitsa kettlebell ku America ndi kaphunzitsidwe kotsindika kulimbitsa thupi lonse pa ulendo uliwonse wokweza chitsulo. Wampikisano amasunga mphamvu, amatsamiritsa chigongono pafupa la chiuno kuti apume. Wotsatira kaphunzitsidwe ka Tsatsouline amafuna mphamvu zonse pa maulendo ochepa. Pa press ya mkono umodzi, njira yachiwiriyi ndiyo yothandiza, ndipo ndi imene tikufotokoza pano.

Kulemera kwa dumbbell, chitsulo chachifupi cholemera mbali zonse ziwiri chogwiridwa pakati, kumakhala m'chikhatho mwenimweni. Kwa kettlebell kumalendewera kunsi kwa chogwirira, kunja kwa dzanja. Ndiye chitsulo chikamakwera chimayenera kutembenuka kuti chikakhale kuseri kwa mkono, ndipo chili ndi njira ziwiri: kudumpha pamwamba pa dzanja n'kugwa mwamphamvu, kapena kuzembera m'mbali mwa dzanja n'kutera mwakachetechete. Kutupa kumene oyamba kumene amakhala nako pamalo ovala wotchi kumachokera ku njira yoyambayo.

Musanagwire chitsulo

Mwamuna wathanzi amene sananyamulepo kettlebell ayambe ndi makilogalamu 12 kapena 16, mkazi ayambe ndi 8. Muyezo wabwino ndi mkono wanu wofooka: ukhoze kukweza chitsulocho pamwamba maulendo 5 thupi osapendekeka. Chopepuka kwambiri nachonso chimanamiza, chifukwa mumangochikoka ndi mkono, chiuno osaphunzira kanthu.

Vulani wotchi, mphete ndi zibangili. Imani opanda nsapato kapena muvale zophwatalala pansi, chifukwa nsapato zothamangira zimafewa ndipo phazi limagwedezeka pamene lifunika kuluma nthaka. Ngati chitsulo chanu ndi chopangitsa kwa owotcherera, onani kuti chogwirira chake ndi chosalala, chowotchereredwa molimba mbali zonse ziwiri, komanso kuti mpata wa pakati pa chogwirira ndi mpira ndi wokwanira kuti dzanja lilowe mpaka pamfundo yake, povala wotchi paja.

Yesaninso phewa. Tsamirani khoma ndi msana, mapazi atasunthira kutsogolo pang'ono, msana wa m'munsi ukhudze khoma. Kwezani mkono wowongoka mpaka chala chachikulu chikhudze khoma pamwamba pa mutu. Ngati simungafike popanda kuchotsa msana pakhoma, phewa kapena msana wa kumtunda ndi wouma, ndipo mukayamba press panopa, msana wa m'munsi ndi umene uzilipira. Phunzirani clean, press idikire mpaka phewa litamasuka.

Chinanso chofunika kuchidziwa kale ndi kupinda m'chiuno. Fulatirani khoma, mutalikirane nalo utali wa phazi lanu. Bwezani matako kumbuyo mpaka akhudze khoma, mawondo apindike pang'ono chabe, msana ukhale wowongoka. Mukamva kukokeka kuseri kwa ntchafu, mwapeza. Pa squat, kapena kuti kunjuta, matako amatsika pansi, koma apa amapita kumbuyo. Amene sanakhazikike pa swing ya mkono umodzi (kuponya chitsulo kutsogolo ndi mphamvu ya chiuno kuchokera pakati pa ntchafu, mkono uli wotambasuka) asathamangire clean, popeza clean ndi swing yomweyo, kungoti chitsulo chimagwidwa pafupi ndi thupi.

Yambani ndi rack

Phunzirani kaye kofikira musanaphunzire njira. Ikani chitsulo pakati pa mapazi, chigwireni ndi dzanja lamanja, lamanzere livundikire pamwamba pake, ndipo muchikweze ndi manja awiri mpaka pachifuwa. Chotsani lamanzere. Tsopano konzani zinthu chimodzichimodzi.

Chogwirira chisapingase chikhatho m'tsinde mwa zala. Lowetsani dzanja mkati ndithu kuti chogwiriracho chigone mopendekeka, kuchokera pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kutsetsereka mpaka pamnofu wa kumunsi kwa chikhatho, mbali ya chala chaching'ono. Chikagona pamenepo, kulemera kumatsikira m'mafupa a mkono. Chikatsalira kuzala, chimakokera dzanja kumbuyo, mfundo imapindika, ndipo ululu umayamba mumfundomo n'kukamveka mpaka kuchigongono. Chibakera ndi mkono zikhale mzere umodzi wowongoka.

Chibakeracho chikhale kunsi kwa chibwano, chala chachikulu chitayandikira fupa la pansi pa khosi. Chigongono chitsike, chikhudze nthiti. Mpira wa chitsulo ukhale m'kampata kamene kapangika pakati pa mkono wa kumunsi ndi wa kumtunda. Phewa lisakwere kukafuna khutu. Amayi asunthire chitsulo panja pang'ono kuti chisamapsinje kapena kumenya bere, koma mkono wa kumtunda ukhalebe womamatira m'mbali mwa nthiti.

Kenaka thupi lonse: mawondo owongoka, ntchafu zolimba, matako ofinyidwa, mimba yolimba, nthiti za kutsogolo zotsikira pansi. Kuti mudziwe ngati rack yanu ili bwino, tambasulani zala zonse. Chitsulo chikhale pomwepo osasuntha. Chikayamba kugwa, ndiye kuti chimagwiridwa ndi zala osati mafupa. Imani choncho masekondi 30 mbali iliyonse, kenaka muyende nacho masitepe angapo mukupuma bwinobwino. Ntchito imeneyi imaoneka yopanda pake, koma palibe ina imene imakonza clean msanga kuposa iyi, chifukwa thupi likadziwa kofikira limapeza lokha njira yachidule.

Kutsika, kenaka kukwera

Kuchokera pa rack, phunzirani kutsitsa. Masulani zala pang'ono, lolani chitsulo chigubuduke kuchoka pamkono n'kugwa molunjika pansi, pafupi ndi mimba. Chigongono chisachoke panthiti. Pamene chitsulo chikugwa, chogwirira chichoke m'chikhatho chipite m'zala zokoweka. Musafulumire kupinda m'chiuno. Dikirani mpaka mkono utatsala pang'ono kuwongoka ndipo chitsulo chafika pafupi ndi chiuno, ndiye mubweze matako kumbuyo msangamsanga kuti chidutse pakati pa ntchafu, pamwamba pa mawondo. Wopinda msanga amapeza chitsulo chikudutsa kunsi kwa mawondo, kutali ndi chiuno, ndipo chimamukokera msana pansi. Chitani zimenezi kangapo: kukweza ndi manja awiri, kutsitsa ndi limodzi, kutula pansi kutsogolo kwanu msana uli wowongoka.

Tsopano clean yeniyeni. Mapazi atalikirane mofanana ndi mapewa kapena kuposerapo pang'ono, zala zitaloza panja pang'ono. Chitsulo chikhale patsogolo panu masentimita 30 kapena cha pamenepo. Pindani m'chiuno, gwirani chogwirira, chipendekereni kwa inu, phewa likokeredwe kumbuyo ndi pansi kuti mkono usangolendewera. Kokani mpweya ndi mphuno. Ponyani chitsulo kumbuyo pakati pa ntchafu mpaka mkono ukhudze mkati mwa ntchafu, chala chachikulu chitaloza kumbuyo pang'ono. Kenaka imirirani mwamphamvu, mapazi akukankha nthaka, matako akufinyika. Chiuno chikangowongoka, chigongono chili panthiti, mkono upindike wokha, chitsulo chikwere molunjika chikudutsa pafupi ndi mchombo. Chikafika cha pamimba chimapepuka kwa kanthawi kochepa. Pamenepo masulani zala, lowetsani dzanja m'chogwirira molunjika mmwamba, ndipo mpira uzembere m'mbali mwa dzanja n'kukhala pamalo ake. Chitsulo, chigongono ndi mimba yolimba zikumane nthawi imodzi.

Amene anazolowera kudzitwika ndowa ya madzi ya malita 20 amalidziwa kale lamuloli: ndowa siitambasulidwa kutsogolo, imakwera ikutsata thupi, ndipo miyendo ndi chiuno ndizo zimaiponya, manja amangoilondolera.

Chitsulo chikamamenya mkono, zifukwa zake zimakhala zitatu, ndipo zimadziwika mukadzijambula ndi foni kuchokera m'mbali. Choyamba, chigongono chachoka panthiti ndipo chitsulo chayenda njira yaitali yozungulira kutsogolo. Panani kathaulo m'khwapa ndipo muchite clean osakagwetsa, kapena imani moyang'ana khoma pa mtunda wochepera utali wa mkono wanu kuti musakhale ndi malo otambasulira. Yambani ndi chitsulo chopepuka pochita zimenezi. Chachiwiri, mwachiponya mwamphamvu kupitirira muyezo. Clean siifuna mphamvu zonse za swing. Lingalirani kuti mukuchifikitsa pamimba basi, chidzafika chokha pachifuwa. Chachitatu, mwafinya chogwirira kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndiye dzanja silikutha kulowa, mpira ukudumpha pamwamba pake. Kufinya kuli ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ndi pamene chitsulo chatera kale. Nsalu zomanga pamkono zimachepetsa ululu masabata oyamba, koma zisabise vutoli. Clean yabwino siimveka phokoso.

Cholakwika china ndi kukoka ndi mnofu wa kutsogolo kwa mkono, chiuno chisanamalize ntchito yake. Chizindikiro chake ndi kuwawa kwa mkati mwa chigongono tsiku lotsatira. Mkono ukhale womasuka mpaka chiuno chitawongoka.

Press

Chitsulo chikatera, imani sekondi imodzi. Musatayirire, chifukwa kulimba kumene thupi lapeza polandira chitsulo ndiko mukufuna kukankhira. Pa chifukwa chimenechi wophunzira achite clean yatsopano pa press iliyonse, osati clean imodzi n'kumangokankha kasanu.

Limbitsani kuchokera pansi: mapazi aluma nthaka, ntchafu, matako, mimba. Tsopano finyani chogwirira mwamphamvu, ndipo dzanja lopanda kanthulo lifumbate chibakera. Minofu ikalimba kwambiri pamalo amodzi, yoyandikana nayo imalimbanso, ndiye kufinya dzanja kumadzutsa mkono ndi phewa.

Njira ya chitsulo si yolunjika kutsogolo kwa nkhope, komanso si yotambasulira chigongono m'mbali mpaka kufanana ndi khutu. Chigongono chitseguke panja pang'onopang'ono pamene chikukwera, chikhale patsogolo pa mzere wa mapewa madigiri 30 kapena cha pamenepo. Umenewu ndi mzere umene fupa lophwatalala la kuseri kwa phewa limagonera panthiti, ndipo mfundo ya phewa imayenda momasuka mmenemo. Lamulo losasintha ndi lakuti mkono wa kumunsi ukhale choimirira njira yonse, chigongono chili pansi penipeni pa dzanja. Dzanja likapendekera panja, chitsulo chimakokera phewa kumbuyo. Likapendekera mkati, ntchito yonse imagwera mnofu wa kuseri kwa mkono ndipo chitsulo chimaima.

Povuta kwambiri ndi pamene dzanja lafika cha pamaso kapena pachipumi. Pamenepo thupi limafuna kuba. Ena amagonera kumbuyo, nthiti n'kutukuka, msana wa m'munsi n'kupindika. Ena amapendekera mbali inayo. Ena amakweza phewa kukafika kukhutu. Ena amapinda mawondo pang'ono n'kukankha ndi miyendo, zomwe ndi masewera ena otchedwa push press, abwino pa nthawi yake, koma si amene mukuphunzira pano. Mankhwala ake ndi kufinya matako ndi mimba mowirikiza pamalo ovutawo, n'kuganiza kuti mukudzikankhira nokha pansi kuchoka pachitsulo. Chiuno chikhoza kusunthira pang'ono pansi pa chitsulo cholemera kwambiri, koma mapewa akayamba kuoneka limodzi pamwamba lina pansi chitsulo chisanadutse mutu, ndiye kuti chakulemerani.

Pamwamba, chigongono chiwongokeretu, mkono ukhale pafupi ndi khutu koma khosi likhale lalitali, dzanja lisapindike, chikhatho chiyang'ane kutsogolo kapena mkati pang'ono. Munthu woima m'mbali mwanu aone dzanja, phewa, chiuno ndi pakati pa phazi zili mzere umodzi. Imani sekondi imodzi. Maso ayang'ane kutsogolo.

Potsitsa musalole chitsulo chigwe chokha. Chikokereni pansi ndi mnofu waukulu wa m'mbali mwa msana, kunsi kwa khwapa, umene ku jimu amautcha lat, chigongono chikubwerera panthiti kudzera njira yomwe chinakwerera. Kutsitsa kotereku kumasunga phewa m'malo mwake ndipo kumakuphunzitsani njira ya chitsulo kuposa kukweza. Chikafika pa rack, ndiye mutsitsire pakati pa ntchafu kuti muyambe clean ina.

Kapumidwe kake ndi aka. Kokani mpweya chitsulo chikamapita kumbuyo pakati pa ntchafu, tulutsani pang'ono chabe chikamatera. Pa rack onjezani mpweya pang'ono ndi mphuno, upite m'mimba osati m'chifuwa. Pokankha, tulutsani pang'onopang'ono kudzera m'mano, lilime litatsamira kuseri kwa mano, mawu a "tsss" akumveka, makamaka pamalo ovuta aja. Musautulutse wonse chitsulo chili pamwamba, chifukwa mpweyawo ndi umene ukuchirikiza msana. Kulimbitsa thupi motere kumakweza kuthamanga kwa magazi kwa kanthawi, choncho amene ali ndi BP, vuto la mtima kapena anachitidwa opaleshoni ya pamimba, komanso amayi oyembekezera, afunse kaye adokotala.

Chitsulo chikasokonekera m'mwamba kapena chikaterereka, musalimbane nacho. Chilondolereni pansi kutali ndi mapazi ndipo inu musunthe. Ululu wobaya pamwamba kapena kutsogolo kwa phewa, ngakhalenso dzanzi lotsikira kuzala, si kutopa wamba. Siyani, mukaonedwe.

Maulendo angati

Press siikula ndi kudzitopetsa. Ulendo wochitika mkono ukunjenjemera umaphunzitsa thupi kupendekeka. Njira imene imagwira ntchito bwino ndi ya makwerero. Chitani clean and press imodzi kumanzere, imodzi kumanja, tulani pansi, pumani pang'ono. Kenaka ziwiri ndi ziwiri, pumani. Kenaka zitatu ndi zitatu. Awo ndi makwerero amodzi, maulendo 6 pa mkono uliwonse. Pumani mphindi imodzi kapena ziwiri, muyambenso pa imodzi. Ubwino wake ndi wakuti sitepe imodzi yokha mwa zitatu ndiyo yovuta, ndiye mumachita maulendo ambiri onse ali aukhondo. Yambani nthawi zonse ndi mkono wofooka, ndipo wamphamvuwo usapitirire pamene unzake walekezera.

Sabata yoyamba chitani makwerero atatu, maulendo 18 pa mkono. Onjezani amodzi sabata iliyonse mpaka asanu, maulendo 30. Mukafika pamenepo musawonjezenso makwerero, koma muwatalikitse: mpaka 4, zomwe zikupereka maulendo 50, kenaka mpaka 5, maulendo 75 pa mkono uliwonse. Masiku atatu pa sabata ndi okwanira, otalikirana, ndipo limodzi lokha likhale lolemera. Masiku awiri enawo makwerero alekezere sitepe imodzi kapena ziwiri m'munsi. Pa tsiku limene thupi silikumva bwino, kutsika sitepe si kubwerera m'mbuyo.

Samalirani manja. Khungu lolimba la m'tsinde mwa zala likakula limapanidwa ndi chogwirira n'kung'ambika, ndipo bala la pamenepo limakulepheretsani masiku angapo. Lipaleni ndi mwala wotsukira mapazi mukatha kusamba. Choko pang'ono chimathandiza manja a thukuta, koma chikachuluka chimawonjezera kukhuzika. Matuza akamabwera kawirikawiri, onaninso katsitsidwe kanu, chifukwa nthawi zambiri chogwirira chimakhala chikukhula chikhatho m'malo modumphira m'zala.

Kusintha chitsulo kumafuna kudekha chifukwa kettlebell imadumpha patali. Kuchoka pa makilogalamu 16 kupita pa 20 ndi kuwonjezera 25 peresenti, ndipo ngati palibe cha 20, kupita pa 24 ndi 50 peresenti. Musayese press ya chitsulo chatsopano musanamalize makwerero asanu ofika pa 5 ndi chakalecho. Pokonzekera, chizolowereni chatsopanocho pang'onopang'ono kumapeto kwa tsiku lolemera: clean zitatu kapena zisanu mbali iliyonse, kuima nacho pa rack masekondi 20 mpaka 30, kenaka kuchikweza ndi push press n'kuchitsitsa mwapang'onopang'ono masekondi 3 mpaka 5. Clean yake ikamatera mwakachetechete ndipo mukutha kutambasula zala pa rack chitsulo osasuntha, pumulani masiku awiri, mutenthetse thupi bwino, muyese press imodzi mbali iliyonse. Ikakwera thupi lili chilili, yambani makwerero atatu a 1 ndi 2 ndi chitsulo chatsopanocho, chakale chija chikhale cha masiku opepuka.